Matumbo a Wailesi ya Malemu

Amuna anga anabwera m'mudzi mwathu ndi njinga, jekete ndi wailesi. Tinakumana ku Dedza nthawi imene tinathawira nkhondo, ndipo nkhondo itatha iwo ananditsata kuno ku Angonia, chakuno kwa Lifidzi, kudzakhala chikamwini. Abale awo onse anatsala tsidya lija. Njinga inasinthidwa matayala ndi chishalo mpaka sinalinso yomwe ija, jekete inasanduka yopita nayo kudimba, koma wailesi inakhalabe pamalo pake, yakuda, yolemera ngati njerwa.

Wailesiyo sinkalankhula ndi munthu wina aliyense. Ine ndikapotokola, zii. Iwo ankaiika pantchafu, kuimenya kumanzere, kuipendeketsa ngati mwana woyamwa, basi yayamba kunena za mpira. Ikadwala ankapita nayo kuseri kwa nkhokwe ndi mpeni, ndipo kumeneko sankafuna munthu. Ankachedwako kwambiri. Pobwera ankakhala akuyetsemula, maso ali psuu, n'kumati, "Fumbi la m'wailesi ndi loopsa, mayi. Musamayandikire." Ine ndinkawamvera chisoni, n'kuwapatsa madzi.

Ana athu aakulu anakwatiwa ndi kukwatira, pakhomo panatsala mzime wathu, mtsikana. Atalowa shikola yaikulu anayamba phunziro la makompyuta, limene iwo amati infomatika. Shikola yonse inali ndi kompyuta imodzi, ndipo magetsi ake ankabwera ngati mlendo. Ndiye apulofesolo awo, mnyamata wachangu wosatopa, anauza ana onse kuti aliyense ajambule pakatoni mabatani a zilembo, chimene amati tekilado, aziphunzitsa zala kunyumba. Mwana wanga anajambula pakatoni ya sopo, bwinobwino ndithu, timabokosi tolingana. Madzulo ankakhala pakhonde n'kumagogoda katoniyo, nkhope ili gwaa ngati munthu wa mu ofesi.

Ine sindinapite patali ndi shikola, ndipo kwa ine katoni ndi katoni. Tsiku lina nkhuni zinali zaziwisi, ndinatenga katoniyo n'kukupizira moto. Mbali imodzi inapsa. Mwana analira, akuti zilembo za dzina lake zapita. Abambo ake, amene nthawiyo anali atayamba kudwala n'kumagona pamphasa padzuwa, anamuitana.

"Bwera kuno. Msana uwu sukupsa. Lemba pamenepa."

Kuyambira tsikulo msana wa abambo ake unakhala tekilado. Iwo chafufumimba, iye atagwada, zala zikuyenda.

"Walemba chiyani?"

"Dzina langa, ababa."

"Dzina lako ndikulidziwa, ndinakutcha ndine. Lembera a boma, uwauze kuti feteleza wakwera. Uyambire kumapewa kuno, kukuyabwa."

"Kumapewa kuli manambala."

"Ndiye lemba mtengo wa fetelezayo. Ubwereze kawiri, iwo aja samva msanga."

Amuna anga anamwalira m'chisanu, chimanga tili m'kati mokolola.

Pamaliro panabwera abale awo ochokera ku Dedza. Amene ankalankhula anali awiri: atsibweni awo a malemu, nkhalamba yowonda yofatsa imene inalinso nkhoswe ya ukwati wathu, ndi alongo aakulu a malemu, alamu anga. Alamu anga amagulitsa tomato ndi anyezi pamalire pa Kalomwe, ndipo maso awo akayang'ana chinthu amakhala kuti achiyeza kale. Titaika maliro, atsibweni ananena monga mwa mwambo kuti katundu wa malemu asakhudzidwe. Adzabweranso mbatata zikakumbidwa, kudzagawa katunduyo ndi kudzandisudzula, ndiye kuti kundimeta, kundivula nsalu yakuda ndi kundimasula kuti ndikhalenso ngati anthu ena onse. Mpaka tsiku limenelo ine sindikanapita kuukwati kapena kumsika wakutali, ndipo kwaya ya kutchalitchi ndinkangoimvera ndili kumbuyo.

Potsazika, alamu anaima pakhomo la chipinda.

"Njinga ndaiona. Jekete ndaiona. Wailesi ijanso ndaiona, mlamu, ndipo ndikuidziwa kuyambira ili yatsopano."

Njinga tinaipachika kudenga. Wailesi ndinaiika m'dengu pakona, n'kuvundikira ndi chitenje. Sindinkaikhudza. Koma m'mawa ndikamasesa ndinkaima pafupi ndi dengulo n'kumaiuza za pakhomo: kuti mbuzi yaswa awiri, kuti nyemba zachita anankafumbwe, kuti bondo langa layambanso. Munthu amene wakhala zaka zambiri akudandaulira mnzake sasiya tsiku limodzi. Nthawi zina ndinkaiuzanso zimene sindingauze munthu wamoyo, za alamu anga zomwe.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti kushikola apulofesolo anali atapereka ntchito ina. Anagawa ana m'magulu, gulu lililonse libweretse chipangizo chakufa, foni, tochi kapena china chilichonse, achitsegule, amate zam'kati mwake pakatoni yaikulu, alembe dzina ndi ntchito ya chilichonse. Tsiku lina makolo adzabwera kudzaona, ndipo akuluakulu a shikola adzapereka nota, ndiye kuti malikisi. Gulu la mwana wanga linalibe kanthu. Magulu ena anali kale ndi mafoni awo.

Ndinadziwa chifukwa cha fungo. M'chipinda munayamba kununkha, ndipo timantchentche ting'onoting'ono tinkazungulira padengu paja. Ndinayamba ndachita mantha, ndinkati kapena wailesi nayo yayamba kuwola kutsata mwini wake. Ndinapemphera pang'ono, kenaka ndinatenga kamtengo n'kukweza chitenje. M'dengumo munali dzungu lalitali, litayamba kuphwa mbali imodzi.

Ndinadikira mwana abwere, adye, amwe madzi.

"Iwe, ababa ako anasiya wailesi kapena dzungu?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa chifukwa mwina ine ndakalamba. Ndakhala ndikuliuza dzungu ili nkhani zonse za pakhomo pano."

"Inali yakufa kale, amayi. Chimwalirireni ababa sinalankhulepo."

"Eni akenso ndi akufa. N'chifukwa chake sitikhudza."

Anayamba kulira. Anati ankaganiza kuti akangoitsegula n'kuona, aibweza. Koma anzake a m'gulu anadula mawaya onse ndi mpeni, n'kumata chilichonse ndi guluu wolimba uja womatira nsapato. Ndinamufunsa chifukwa chake anasankha dzungu. Anati njerwa ikanabowola dengu.

Sindinamumenye. Ndinalibe mphamvu, komanso dzulo lake wa njinga wina wonyamula katundu pa Kalomwe anali atandipatsa uthenga wakuti alendo afika Loweruka. Thobwa ndinali nditaphika kale. Ndinkadziwa chimene chimanenedwa za mkazi amene katundu wa malemu wasowa m'manja mwake. Amati anagulitsa maliro asanazizire. Dzina limenelo silichoka, ndipo abale akakwiya amabwerera osakusudzula, iwe n'kutsala m'nsalu yakuda mpaka mitima yawo idzatsike yokha.

Lachisanu m'mawa ndinamutsata mwana kushikola. Ndinafika phunziro lili m'kati. Apulofesolo atandiona pakhomo anandilandira ndi manja awiri, n'kundikhazika padesiki lakutsogolo, mawondo anga akugunda thabwa. Anati ndidikire pang'ono amalize.

Kompyuta inali patebulo, itavundikiridwa ndi chitenje chamaluwa ngati mkwatibwi. Anaivundukula pang'onopang'ono. Magetsi kunalibe.

"Tiyerekeze kuti yayaka," anatero apulofesolo.

Ana onse anagwedeza mitu, n'kutulutsa makatoni awo. Atauzidwa kuti alembe, m'chipindamo munamveka ngati mvula yoyamba pamalata. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kunena kuti kompyuta yake inadyedwa ndi mbuzi. Apulofesolo sanaseke. Anafunsa ngati yadyedwa yonse, ndipo atamva kuti kwatsala theka, anati alembe mawu aafupi okhaokha.

Pofuna kundilemekeza, anandipatsa nanenso katoni. Ndinaigwira ngati lichero.

"Amayi, dinani batani lililonse limene mukufuna."

Ndinasankha la pakona, lozungulira, chifukwa linali lokongola.

"Mwazimitsa," anatero mwana wina kumbuyo.

Chipinda chonse chinaseka. Ine ndinapepesa, ndinati sindinadziwe kuti inali yoyaka. Apulofesolo anati palibe kanthu, ndidinenso pomwepo. Ndinadina, ndipo anandiuza kuti tsopano ndidikire pang'ono chifukwa imachedwa kudzuka. Ndinadikiradi.

Ana atatuluka, ndinawauza chimene ndinabwerera. Nkhope yawo inagwa. Anati kwawo mwambo umenewu ulikonso, ndipo akanadziwa sakanalola mpeni kuyandikira. Anapita nane kuseri kwa kabati n'kutulutsa katoni yaikulu ngati chitseko. Sindinathe kuiyang'ana bwino. Ndinangoona mawaya ofiira ndi obiriwira atayalidwa ngati matumbo a nkhuku, ndipo ndinatembenuka.

"Sizingabwerere?"

"Amayi, ndikanama ndikachimwa. Ngakhale amene anaipanga sangaibweze. Komanso mawa ndi tsiku la chionetsero. Ndikachotsa katoniyi, mwana wanu ndi anzake alibe nota ya chaka chino. Likatha la mawa, mutenge zonse."

Anandipatsa chigoba chokha, bokosi lakuda lija, lopepuka ngati chikho. Ndinalisenza pamutu. Ndinaganiza kuti alendo akafika mawa ndidzawauza zoona, ndi chigoba m'manja.

Panjira ndinadutsa pakhomo pa mayi wina amene ndinamupempha kalekale mbewu ya nyemba zake zamawangamawanga. Anali akupeta, ndipo anandiitana kuti nditenge. Thumba ndinalibe. Kwathu kuno chinthu champhako sichiyenda chopanda kanthu. Tinatsegula kachitseko kakumbuyo koika mapilya, ndiye kuti mabatire, n'kuthiramo nyemba mpaka kudzaza, n'kutseka. Wailesi inabwerera kulemera kwake kwakale.

Nditatulukira pakhomo, ndinapeza atsibweni ali pampando wa malemu, alamu ali pamphasa atatambasula miyendo. Anapeza lole yobwera kuno kudzatenga mbatata, ndiye anati asadikire Loweruka.

Ndinagwada, tinalonjerana, wailesi ili pambali panga. Nkhani ngati imeneyi sinenedwa mlendo asanamwe madzi, ndipo imadzera kwa ankhoswe. Ndinadzuka kuti ndikatunge thobwa.

"Mwayamba kuyenda nayo, mlamu?" anatero alamu. "Bweretsani kuno."

Ndisanayankhe anali ataikokera pamiyendo pawo. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mapilya atsopano.

"Ndagula pa Kalomwe. Ndikufuna ndimve mawu ake, mwina mtima ungakhale pansi."

"Alamu, taimani ndifotokoze."

Anatsegula kachitseko. Nyemba zinakhuthukira pachitenje chawo, pamphasa, mpaka pansi, ndipo nkhuku zonse za pakhomo zinabwera chothamanga. Atsibweni anayang'ana nkhukuzo zikujompha.

"Kale inkatulutsa nyimbo," anatero atsibweni.

Alamu anasuzumira m'chigobamo, analowetsamo dzanja mpaka m'chigongono, anagwedeza. Munatuluka nyemba imodzi yotsala.

"Mwagulitsa zam'kati. Ife mwatisungira chigoba ngati cha nkhono."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa dzungu. Mwana anabwera kuchokera kushikola n'kugwada, nayenso anafotokoza. Alamu sanamve.

"Shikola yanji imene imadya mawailesi? Ife ana athu amapita ndi makope, amabwera ndi makope. Mwanayu mwamuphunzitsa zonena. M'bale wanga anabwera muno ndi wailesi yolankhula, analima minda yanu mpaka msana kupindika, ndiye lero mukundipatsa ndiwo?"

Atsibweni anakweza dzanja. Anati iwo sakunena kuti ndaba, sakunenanso kuti sindinabe. Koma lumo silikhudza mutu wanga mpaka maso awo aone matumbo a wailesiyo. Akapanda kuwaona, abwerera ndi lole yomwe ija, ndipo za kusudzula zidzakambidwa chaka china. Tsikulo alamu anakana thobwa langa. Anamwa madzi okha.

M'mawa mwake tinanyamuka tonse, mwana patsogolo, atsibweni ndi ndodo yawo, alamu atakumbatira chigoba, ine pambuyo. Kushikola kunali anthu ambiri. Madesiki anawatulutsa panja pansi pa mitengo ya bulugamu, ndipo gulu lililonse linaima pa chinthu chake. Ena anapanga tochi ndi batire la foni. Ena anapanga kampheromphero ka mabotolo kamene kankazungulira mphepo ikafuna. Gulu lina linapanga kompyuta ya katoni yaikulu, m'kati mutakhala mtsikana woyankha mafunso. Atsibweni anawerama n'kuifunsa kuti mvula iyamba liti chaka chino. Bokosi linati, "Netiweki yathawa, agogo, bwerani mawa." Atsibweni anati yankho limeneli ndi lomwe amapereka mafoni enieni, ana awa aphunzira.

Katoni ya gulu la mwana wanga inali itatsamira pamtengo. Mwana anatenga kandodo n'kuyamba kufotokoza m'Chipwitikizi. Apulofesolo anamudula, anati anene m'Chinyanja kuti azakhali ake amve. Anayamba pamwamba. Ichi ndi chimene chimakoka mawu mumlengalenga. Ichi chimasankha kuti mumve Tete kapena Lilongwe. Chozungulira ichi, chokhala ndi chitsulo chokoka singano kumbuyo, ndiye pakamwa pake. Chilichonse chinali ndi kapepala kake pansi, zilembo zoongoka. Ndinaona kuti atsibweni akugwedeza mutu, koma alamu milomo inali yotseka.

Kenaka kandodo kanatsikira pamzere wapansi. Pamenepo ana analemba kuti, Zimene sitinazipeze m'buku.

"Izi," anatero mwana, "tikuganiza kuti anaonjezera ndi mwini wake. Uwu ndi msomali, unkagwira waya uyu. Ichi ndi chipepala chonyezimira. Ichi ndi chigwiriro cha supuni, chinkapanikiza mapilya kuti asamagwedere."

Alamu anasendera pafupi. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda katoni.

"Imeneyo ndi supuni yanga."

"Azakhali?"

"Onani timizere titatu ito. Ndinalemba ndine ndi tupa. Inasowa sabata imene m'bale wanga ankanyamuka kubwera kuno." Anaongoka, n'kuyang'ana atsibweni. "Supuni imeneyi ndinakangana nayo ndi mayi wa nyumba yoyandikana nane. Ndinamutchula wakuba pachitsime, anthu akumva. Mpaka lero sitipalana moto."

"Anamwalira mayiyo?" ndinafunsa.

"Alipo. Ndiye vuto lake limenelo."

Mwana anapitiriza, mawu atayamba kulimba. Analoza kachidutswa ka mphira wobiriwira, kosokedwa ndi waya pakati, kamene kankatchinga kuti zitsulo ziwiri zisagundane. Atsibweni anatambasula ndodo yawo n'kukagogoda.

"Tsiku la chinkhoswe chanu, mayi, ndinavula patapata pakhomo. Potuluka ndinapeza mmodzi. Malemu mphwanga yemweyu anandithandiza kufunafuna mpaka dzuwa kupendeka, n'kunena kuti watenga galu. Ndinabwerera kwathu phazi limodzi lili pansi."

Anthu amene anaima pafupi anayamba kuseka. Nanenso ndinapeza zanga. Panali chipini chimene ndinkamangira thumba la ndalama, ndi kachidutswa ka waya wa sefa yanga, imene ndinaipeza tsiku lina ili ndi bowo lamakona anayi. Malemu anati ndi makoswe. Ndinawafunsa nthawiyo ngati makoswe amadziwa kudula moongoka chonchi, iwo anati a masiku ano ndi ophunzira.

Pamapeto pa mzere panali kabotolo kakang'ono ka mankhwala, kotseka bwino, m'kati muli ufa wakuda. Ana analemba pansi pake kuti, Mwina mafuta ouma. Atsibweni anatsegula pomwepo kali chimatire, ananunkhiza, n'kuyetsemula.

"Fodya wa mphuno. Wabwino ndithu."

Malemu analumbira pamaso panga ndi pamaso pa anamwino a kuchipatala kuti fodya anasiya, ana aakulu akadali aang'ono. Ndinakumbukira kuseri kwa nkhokwe, maso ofiira aja, ndi madzi onse amene ndinawapatsa chifukwa cha fumbi la m'wailesi. Ndinafuna kukwiya, koma amene ndikanamukwiyira panalibe.

Atsibweni anatembenukira kwa apulofesolo.

"Mwana wanga, ndiyankheni ngati pabwalo. Pali chimene chinatayidwa kapena kugulitsidwa?"

"Palibe, agogo. Lamulo linali lakuti chilichonse chopezeka m'kati chimatidwe. Onani pakona apo."

Pakonapo panali mphemvu zouma, zitamatidwa mondondozana, yaikulu patsogolo, yaing'ono pambuyo, ndi kapepala kake pansi. Atsibweni anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Munthu wogulitsa katundu wa maliro sasunga mphemvu," anatero. "Nkhani yatha."

Alamu anasenderanso pakatoni paja. Anatambasula dzanja kuti amatule supuni yawo, koma apulofesolo anawapempha, pafupifupi kugwada, kuti adikire opereka nota adutse kaye. Tinakhala pamadesiki aang'ono aja tonse atatu, mawondo m'mwamba, kudikira. Akuluakulu atafika anaima nthawi yaitali pamzere wapansi, wina mpaka anajambula ndi foni. Mwana anafotokozanso zonse, ndipo atafika pa supuni anati, "Mwini wake ndi awo akhala apowo." Alamu anakonza duku. Gulu lawo linapeza nota yabwino.

Opereka nota atachoka, atsibweni anatulutsa mpeni wawo, anagoneka katoni pansi n'kunjuta pambali pake monga amachitira pogawa mbuzi ya pamaliro. Anamatula chigwiriro cha supuni n'kupatsa alamu, pamodzi ndi chigoba, poti iwo ndiye mlongo wamkulu. Mphira wa patapata anaika m'thumba la malaya awo. Chipini ndi waya wa sefa anandibwezera. Zonse za pamwamba, zimene zinachokera kufakitale, anati zikhale za mwana, poti msana umene ankalembapo unapita, atsale ndi pakamwa pa wailesi. Za msanawo ndinali nditawauza ndine pamaliro, sindinkadziwa kuti anasunga.

"Mphemvu ndi zanu, apulofesolo. Wosenda mbuzi sabwerera chimanjamanja."

Apulofesolo analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Panatsala kabotolo. Atsibweni anakayang'ana ndi diso lakuti akufuna, koma alamu anawalanda n'kundiika m'dzanja.

"Aka tengani ndinu, mlamu. Tonse anatibera, koma amene ananamizidwa tsiku ndi tsiku ndinu."

Pobwerera alamu anayenda pambali panga. Titafika anapempha thobwa, anamwa, n'kunena kuti lachepa shuga. Ndinadziwa kuti tagwirizana.

Anandisudzula m'mawa wa Lamulungu, tisanapite kutchalitchi. Abale anga anasonkhana, atsibweni analankhula mawu ake, kuti mwana wawo ndinamusunga bwino mpaka tsiku lomaliza, ndipo kuyambira lero ndine mfulu. Amene anandimeta ndi alamu, ndipo dzanja lawo linali lopepuka kuposa pakamwa pawo. Nditavula nsalu yakuda ndinamva mphepo m'mutu ndi m'mapewa. Tsiku lomwelo ndinaima ndi anzanga a kwaya, ngakhale mawu anali atachita dzimbiri.

Njinga ndi jekete zinapita ndi atsibweni. Alamu anatolera nyemba zimene nkhuku zinasiya, anazibwezera m'chigoba n'kusenza. Mvula itagwa ananditumizira uthenga ndi wa njinga yemwe uja, kuti nyemba za m'wailesi zamera bwino, ndiponso kuti anapita kwa mayi woyandikana naye ndi chigwiriro cha supuni m'manja. Mayiyo akuti anachiyang'ana, n'kufunsa kuti nanga mutu wake uli kuti.

Mwana akupitirizabe infomatika. Chaka chino magetsi akhazikika pang'ono, ndipo wakhudzapo kompyuta yeniyeni kangapo. Akuti mabatani ake ndi ofewa kuposa msana wa ababa ake. Pakamwa pa wailesi anapachika pakhoma, ndipo ine ndimamatapo masingano kuti asasowe. Njere za dzungu lija ndinadzala kuseri kwa nkhokwe. Maungu ake sindigulitsa, akudziwa zambiri.

Kabotolo kali m'dengu momwe munali wailesi. Ine fodya sindikoka. Koma m'mawa wina ndikamasesa ndimakatsegula pang'ono, n'kuyetsemula, misozi n'kutsika. Mwana akandipeza n'kufunsa chavuta n'chiyani, ndimamuuza kuti ndi fumbi la m'wailesi.